Kufuna zakumwamba phazi lili padziko

Pali mawu amene okhulupirira amakonda kuuzana pamene wina wataya katundu, kapena pamene wina wayamba kutengeka ndi ndalama: "Izi ndi za dziko, tonse tidzazisiya." Mawuwa si abodza, ndipo kumene anachokera n'kodziwika. M'kalata yopita kwa Akolose, kumayambiriro kwa mutu 3, Paulo akuuza Akhristu kuti popeza anaukitsidwa pamodzi ndi Khristu, azifuna zakumwamba, kumene Khristuyo wakhala kudzanja lamanja la Mulungu, ndipo aziika maganizo awo pa zakumwambazo, osati pa zapadziko. Mpaka apa palibe amatsutsa. Mkangano umayamba tikafunsa kuti zakumwambazo n'ziti, nanga zapadzikozo n'ziti.

Ambirife yankho timakhala nalo kale. Pemphero, kusala kudya, nyimbo za Mulungu ndi misonkhano ya mpingo timaziika mbali ya kumwamba. Ntchito, malonda, maphunziro, banja, ndale ndi thupi lathuli timaziponya mbali ya dziko. Tikagawa chonchi, chikhristu chimasanduka nkhani yowerenga maola: amene wakhalitsa m'tchalitchi ndiye wauzimu, amene watanganidwa ndi kudyetsa ana ake ndiye wofooka. Ndipo munthu amene sangachitire mwina koma kugwira ntchito kuyambira m'mawa mpaka madzulo amayenda ndi kamtima kodziimba mlandu moyo wake wonse.

Ine ndikuona kuti Paulo sakanavomera kagawidwe kameneka, ndipo umboni wake uli m'kalata yomweyo, mizere yochepa chabe kumbuyo ndi kutsogolo kwa vesi lotchukalo.

Zimene Paulo anazitcha zapadziko

Ku Kolose kunali aphunzitsi ena ooneka auzimu zedi. Mutu 2 ukuwafotokoza bwino. Ankaweruza anzawo pa nkhani ya zakudya, zakumwa ndi masiku opatulika. Ankanyadira masomphenya amene anaona, ankakamba za kupembedza kwa angelo, ankazunza matupi awo, ndipo malamulo awo anali akuti usagwire ichi, usalawe icho, usakhudze chakuti. Wowaona akanati awa ndiye anthu amene maso awo ali kumwamba. Koma Paulo akufunsa Akolose kuti, ngati munafa pamodzi ndi Khristu, bwanji mukugonjera malamulo otere ngati kuti mukadali a dziko? Kwa iye chipembedzo chokhwima chonsecho chinali cha dziko lapansi. Akuti chimaoneka ngati nzeru, koma chilibe mphamvu yogonjetsa zilakolako za thupi.

Tsono akafika potchula zapadziko zimene ziyenera kufa mwa Mkhristu, satchula munda, msika kapena ukwati. Akutchula dama, zonyansa, zilakolako zoipa, ndi umbombo, umene akuti ndi kupembedza mafano. Kenako akuwonjezera mkwiyo, njiru, mwano, kutukwana ndi bodza. Nanga zakumwamba? Munthu angayembekezere kumva za angelo ndi mipando yachifumu, koma ayi. Akuti valani chifundo, kukoma mtima, kudzichepetsa, kufatsa ndi kuleza mtima, muzipirirana, muzikhululukirana. Mutuwo usanathe walowa kale m'nyumba za anthu, akulankhula ndi akazi ndi amuna awo, ana ndi makolo awo, akuchenjeza abambo kuti asamapute ana awo mpaka kuwatayitsa mtima.

Choncho malire a zakumwamba ndi zapadziko sadutsa pakati pa tchalitchi ndi kuntchito. Amadutsa m'kati mwa zonse ziwiri. Munthu atha kuima pa guwa akufuna dzina, ndipo ameneyo ali pa zadziko ngakhale pakamwa pake pali mavesi okhaokha. Wina atha kukhala tsiku lonse akuwerenga ndalama za bwana wake mokhulupirika, osaba ngakhale pamene palibe womuona, ndipo ameneyo ndiye akufuna zakumwamba. Yesu ananena zofananazo pa Mateyu 6. Mawu aja oti musadzikundikire chuma padziko akubwera atangomaliza kukamba za anthu opereka zachifundo, opemphera ndi osala kudya n'cholinga choti aonedwe. Za onsewo akuti alandiriratu mphotho yawo. Kutamandidwa ndi anthu nakonso ndi chuma cha padziko, ndipo njenjete yake imadya msanga kuposa ya nsalu.

Mawu awiri osokoneza

Chisokonezo china chimachokera ku mawu oti "dziko". Yohane 3:16 akuti Mulungu anakonda dziko lapansi, pomwe 1 Yohane 2:15 akuti musakonde dziko lapansi. M'Chigiriki mawu ake ndi amodzimodzi, kosmos. Si kuti malemba akudzitsutsa. Pena mawuwa amatanthauza chilengedwe, chimene buku la Genesis likuti Mulungu anachiona kuti n'chabwino ndithu. Pena amatanthauza anthu okhalamo, amene Mulungu anawakonda. Pena amatanthauza kayendetsedwe ka moyo kamene anthu anakakonza Mulungu atamuika pambali, ndipo Yohane mwini akumasulira kuti ndicho chilakolako cha thupi, chilakolako cha maso ndi kunyadira zimene uli nazo. Choletsedwa kukonda ndi chachitatuchi. Amene amasakaniza matanthauzowa amayamba kudana ndi zimene Mulungu anazilenga, kapenanso ndi anthu amene Mulungu anawakonda, uku akuganiza kuti akumvera lemba.

Mawu oti "kumwamba" nawonso ali ndi zake. Mateyu amakonda kunena kuti Ufumu wa Kumwamba, koposa ka 30, pamene Marko ndi Luka pa nkhani zomwezo amati Ufumu wa Mulungu. Pa Mateyu 19:23-24 mawu onse awiri akupezeka motsatizana pa chinthu chimodzi. Ufumu wa Kumwamba si malo chabe amene munthu amapita akafa, ndi ulamuliro wa Mulungu. N'chifukwa chake m'pemphero limene Yesu anaphunzitsa sitipempha kuti tichotsedwe pano, timapempha kuti Ufumu udze, kufuna kwake kuchitike pansi pano monga kumwamba. Ndipo masomphenya omaliza a m'Baibulo, pa Chivumbulutso 21, si a anthu akukwera kuthawa dziko, ndi a mzinda woyera ukutsika kuchokera kumwamba.

Mfundoyi imamveka bwino ukayang'ana Afilipi 3:20, pamene Paulo akuti ife ndife nzika za kumwamba. Mzinda wa Filipi unali ku Makedoniya, kutali ndi Roma, koma unali pansi pa malamulo a Roma ngati kachigawo ka Roma yemweyo. Pafupi ndi mzindawu panachitikira nkhondo yaikulu m'chaka cha 42 Khristu asanabadwe, ndipo pambuyo pake asilikali opuma pantchito anapatsidwa malo kumeneko. Anthu ake ankanyadira, monga tikumvera pa Machitidwe 16:21 pamene akufuula kuti ife ndife Aroma. Nzika ya Roma yokhala ku Filipi sinkakhalira kulongedza katundu kudikira tsiku lobwerera ku Roma. Ntchito yake inali kukhala mwachiroma komweko, kulankhula, kuweruza milandu ndi kumanga monga amachitira ku Roma. Afilipi atamva kuti ndi nzika za kumwamba, chimene chinawafikira ndi chimenechi: khalani pano motsata malamulo a kwanu. Paulo mwiniyo, mumzinda womwewo, atakwapulidwa ndi kutsekeredwa popanda mlandu, sanati izi ndi za dziko. Anakana kutulutsidwa mobisa, nati akuluakulu a boma abwere okha adzatitulutse, chifukwa ndife nzika za Roma.

Chuma, diso ndi nkhawa

Ngati zili choncho, wina angapume mpweya wabwino n'kuganiza kuti ndiye kuti chiphunzitsochi chilibe mano. Mano chili nawo, ndipo chimaluma pa ndalama.

Yesu akupereka chifukwa chosavuta kumva choletsera kukundika chuma padziko: njenjete ndi dzimbiri zimawononga, mbala zimaboola n'kuba. M'masiku amenewo chuma chambiri chinali zovala, dzinthu ndi ndalama zachitsulo zobisa m'nyumba, choncho omvera ankadziwa zimene akunena. Koma mfundo yaikulu ili pa Mateyu 6:21: kumene kuli chuma chako, komweko udzakhala mtima wako. Onani ndondomeko yake. Sakuti kumene kuli mtima wako ndiko chuma chako chidzapite, ngakhale nazonso n'zoona. Akuti mtima ndiwo umatsatira chuma. Munthu akaika mphamvu zake, nthawi yake ndi ndalama zake pa chinthu, mtima umasamukira komweko pang'onopang'ono, iye osazindikira. N'chifukwa chake mawu oti "ndili nazo zambiri koma mtima wanga suli pamenepo" ndimawamva mokayika, ngakhale ndikawanena ndekha.

Pakati pa mawu a chuma ndi mawu oti munthu sangatumikire ambuye awiri pali kandime ka diso kamene ambiri amakadumpha, koti diso likakhala langwiro thupi lonse liwala, likakhala loipa thupi lonse lida. Kwa Ayuda "diso loipa" linali chining'a cha kuumira. Deuteronomo 15:9 akuchenjeza za diso loipa pa m'bale wosauka, ndipo Miyambo 22:9 ikuyamika wa diso labwino chifukwa amapatsa osauka chakudya chake. Ndiye kuti ndime yonseyi ikukamba chinthu chimodzi. Kenako akumanga mfundo: simungathe kutumikira Mulungu ndi Chuma. Sakuti n'kosayenera, akuti n'kosatheka. Paja mapanga awiri avumbwitsa.

Chochititsa chidwi n'chakuti atangonena zimenezi akutembenukira kwa anthu amene alibe chokundika, amene funso lawo ndi lakuti tidya chiyani, tivala chiyani. Umbombo wa wolemera ndi nkhawa ya wosauka akuziika pa mzere umodzi, chifukwa zonse ziwiri zimachokera pa chikhulupiriro choti moyo wanga wagona pa zimene ndili nazo m'manja. Apa m'pofunika kusamala, chifukwa mawuwa agwiritsidwapo ntchito mwankhanza, wokhuta akuuza wanjala kuti usade nkhawa. Yesu sakunena kuti chakudya ndi chovala n'zachabe. Akuti Atate wanu adziwa kuti muzisowa zonsezo. Ndipo pa vesi 33 akuti muthange mwafuna Ufumu wake ndi chilungamo chake. Kuthanga ndi kuyamba, ndipo pamene pali choyamba pali chachiwiri. Nkhani ndi yakuti n'chiyani chikulamulira chinzake zikasemphana. Tsiku limene phindu lifuna kuti uname, kapena ntchito ifuna kuti upondereze mnzako, m'pamene zimaoneka kuti choyamba n'chiti.

Fanizo la wachuma wopusa pa Luka 12 likuonetsa mbali ina. Munthuyo sanabe, munda wake unangobereka bwino. Sanachite zachilendo, anangoganiza zokulitsa nkhokwe. Koma tamverani mmene akulankhulira: zipatso zanga, nkhokwe zanga, dzinthu zanga, moyo wanga. M'nkhani yonseyo mulibe munthu wina, akudzifunsa yekha, akudziyankha yekha. Basil, mtsogoleri wa mpingo wa ku Caesarea, analalikira pa fanizoli m'zaka zimene dera lake linagwa m'njala yoopsa, cha m'ma 368 ndi 369, pamene olemera ankasunga tirigu kudikira kuti mtengo ukwere. Anawauza kuti mkate umene mukusungawo ndi wa wanjala, chovala chili m'bokosicho ndi cha wamaliseche. Iye mwini anagulitsa chuma chake n'kudyetsa anthu, ndipo atakhala bishopu anamanga kunja kwa mzindawo malo aakulu osamalirako odwala, akhate ndi alendo. Anamvetsa chimene Luka 12:33 akunena poyera, kuti njira yoikira chuma kumwamba ndiyo kupatsa osowa. Chuma cha kumwamba chimasungidwa m'manja mwa munthu wa padziko. Kupatsa n'kuika.

Amene anathawa, ndi amene anangokhala

M'mbiri ya mpingo anthu ayesa njira zosiyanasiyana zomvera mawuwa. Antony wa ku Egypt, cha m'ma 270, ali mnyamata amene makolo ake anali atangomwalira, analowa m'tchalitchi n'kumva akuwerenga mawu a Yesu kwa mnyamata wachuma oti pita, kagulitse zonse, upatse osauka. Anawatenga ngati akunena iye. Anagawa minda, nalowa m'chipululu, ndipo anthu zikwizikwi anatsata chitsanzo chake. Simeon wa ku Syria, amene anamwalira mu 459, anakhala pamwamba pa chipilala zaka zoposa 30. N'kosavuta kuwaseka anthu amenewa, koma ine sindiwaseka. Chikhristu chitasiya kuzunzidwa n'kukhala chipembedzo cha mafumu, anthu a m'chipululu ndiwo ankakumbutsa mpingo kuti pali zinthu zimene ndalama ndi udindo sizingagule.

Komabe mpingo womwewo unaona msanga kuti njirayi ili ndi ngozi. Msonkhano wa mabishopu ku Gangra, m'dziko limene lero ndi Turkey, chapakati pa zaka za m'ma 300, unadzudzula anthu amene ankanyoza ukwati, amene ankasiya amuna awo, ngakhalenso kutaya ana awo osawalera ponamizira kudzipereka kwa Mulungu. Patapita zaka pafupifupi 200, Benedict wa ku Nursia polemba malamulo a amonke anati ulesi ndi mdani wa mzimu, nagawa tsiku kuti likhale ndi nthawi ya pemphero, ya kuwerenga ndi ya ntchito ya manja. Analamulanso kuti wosunga katundu azisamala ziwiya zonse za panyumba ngati ziwiya zopatulika za pa guwa. Mphika ndi chikho cha Mgonero anaziika pa ulemu umodzi.

Ena sanathawire kuchipululu, anangosiya ntchito n'kukhala. Vutoli linayamba atumwi akadali moyo. Ku Tesalonika kunali abale amene sankagwira ntchito, ankangolowerera za eni, ndipo akatswiri ambiri amaganiza kuti chinawagonetsa ndi chiyembekezo choti Ambuye abwera posachedwa. Paulo, amene ankasoka mahema kuti asalemetse munthu, anawayankha mosapita m'mbali kuti amene safuna kugwira ntchito asadye. Zomwezo zinaonekanso ku America pamene otsatira a mlaliki William Miller ankayembekezera kubwera kwa Khristu pa 22 October 1844. Ena anagulitsa katundu, ena anasiya mbewu m'munda osakolola. Kunacha pa 23, ndipo njala inkawadikira ngati wina aliyense.

Chitonzo cha Marx, ndi dzenje la mbali inayo

M'chaka chomwecho cha 1844 munatuluka mawu otchuka a Karl Marx, mlembi wa ku Germany, oti chipembedzo ndi opiyamu wa anthu, kutanthauza mankhwala oziziritsa ululu amene sachiza bala. Mkhristu woona mtima sangangowakankhira kumbali mawuwa. Msonkhano wa ku Gangra womwe uja, umene unateteza ana ndi mabanja, unatembereranso aliyense wophunzitsa kapolo kuti achoke kwa mbuye wake ponamizira chipembedzo. Mutu 3 wa Akolose womwe uja uli ndi mawu ouza akapolo kumvera ambuye awo, ndipo kwa zaka mazanamazana eni akapolo ankawakonda mawuwo, uku akudumpha vesi lotsatira limene likuuza ambuye kuti azichitira akapolo zolungama chifukwa nawonso ali ndi Mbuye kumwamba. Kuuza woponderezedwa kuti ayang'ane kumwamba pamene iwe ukumudyera thukuta padziko ndi umbombo wovala mkanjo.

Koma chiyembekezo cha kumwamba chomwecho chadzutsanso anthu. William Wilberforce, phungu wachinyamata wa nyumba ya malamulo ya ku Britain, atatembenuka mtima cha m'ma 1785 anaganiza zosiya ndale poona ngati ndi za dziko. John Newton, m'busa amene kale anali woyendetsa sitima zonyamula akapolo, anamulangiza kuti akhale momwemo. Anakhaladi, nalimbana zaka pafupifupi 20 mpaka malonda a akapolo analetsedwa mu 1807, ndipo anamwalira mu July 1833 patangopita masiku ochepa atamva kuti lamulo lothetsa ukapolo m'maiko ambiri olamulidwa ndi Britain lidutsa. Sanali yekha, akapolo eniake anaukira ndi kukhetsa mwazi wawo pa nkhondoyi. Koma chimene chinamuthandiza kupirira kugonja chaka ndi chaka n'chakuti sankayembekezera mphotho kwa aphungu anzake.

Dzenje la mbali inayo ndi limene ndikuona kuti lameza anthu ambiri masiku ano. Uku sathawa dziko, koma amasandutsa kumwamba kukhala chida chopezera dziko. Vesi lija loti muthange mwafuna Ufumu limawerengedwa maso ali pa theka lachiwiri, loti zonsezo zidzawonjezedwa kwa inu, ndipo "zonsezo" zimakula kuchoka pa chakudya ndi chovala zimene Yesu ankanena kufika pa chilichonse chimene mtima walakalaka. Munthu amapemphera kwambiri, amapereka kwambiri, amasala kwambiri, koma chimene akufuna ndi chomwecho chimene wosapemphera akufuna, wangosintha njira. Yesu anauza khamu limene linamutsata kutsidya kwa nyanja kuti simukundifuna chifukwa cha zizindikiro, koma chifukwa munadya mkate n'kukhuta. Ndipo 1 Timoteo 6:5 akukamba za anthu oyesa kuti chipembedzo ndi njira yopezera phindu. Kupempha Mulungu zosowa za thupi si kulakwa, pemphero la Ambuye lili ndi chakudya chalero m'kati mwake. Koma limachiika pambuyo pa dzina lake, Ufumu wake ndi kufuna kwake.

Kukonda chilichonse pa malo ake

Amene anaifotokoza nkhaniyi mozama ndi Augustine, bishopu wa ku Hippo, m'dziko limene lero ndi Algeria. Mu 410 asilikali a Alaric, mfumu ya Agoti, analowa mu Roma n'kuufunkha, ndipo anthu anagwidwa ndi mantha poona mzinda umene ankati sudzagwa uli m'manja mwa adani. Ena ankati tsokali ladza chifukwa chosiya milungu yakale. Poyankha, Augustine analemba buku lalikulu lonena za Mzinda wa Mulungu, limene linamutengera zaka zoposa khumi. Mmenemo akuti pali mizinda iwiri yomangidwa ndi zikondi ziwiri: kudzikonda kofika ponyoza Mulungu kunamanga mzinda wa padziko, kukonda Mulungu kofika podziiwala kunamanga mzinda wa kumwamba. Mizindayi ilibe mpanda wooneka, anthu ake ndi osakanikirana m'misika, m'maboma, ngakhale m'mipingo, mpaka tsiku lomaliza.

Kwa Augustine tchimo si kukonda chinthu choipa kokha. Kawirikawiri ndi kukonda chinthu chabwino pa malo olakwika. Mwana, ntchito, thanzi, dziko lako, zonsezi n'zabwino, koma ukazisenzetsa katundu amene Mulungu yekha angasenze zimathyoka, nawenso umathyoka nazo. Kholo limene moyo wake wonse wagona pa kupambana kwa mwana limamufinya mwanayo mpaka kumutopetsa. Amene wamuika Mulungu poyamba amatha kumukonda mwana yemweyo momasuka, chifukwa sakumufuna kuti akhale mpulumutsi wake.

Funso limene silinathe mpaka lero ndi lakuti kodi munthu asiye zingati. Mnyamata wachuma anauzidwa kugulitsa zonse, ndipo anachoka ali wachisoni. Zakeyu anapereka theka la chuma chake, nalonjeza kubweza kanayi kwa amene anawabera, ndipo Yesu anati chipulumutso chafika m'nyumba muno. Lidiya wogulitsa nsalu zofiirira sanasiye nyumba yake, anaitsekula kuti abale azisonkhanamo. Palibe muyeso umodzi. Clement, mphunzitsi wachikhristu wa ku Alexandria, cha m'ma 200, anaphunzitsa kuti chofunika kuchotsa si chumacho koma kuchikonda kwake. N'zoona, koma ndi chiphunzitso chimene olemera a mibadwo yonse achilandira mwachangu chokayikitsa. John Wesley, woyambitsa chipembedzo cha Methodist, anayesa kuchimanga ndi malamulo atatu: pezani zonse zimene mungathe, sungani zonse zimene mungathe, perekani zonse zimene mungathe. Atakalamba anadandaula kuti anthu ake ambiri akusunga lamulo loyamba, ochepa lachiwiri, koma lachitatu pafupifupi palibe. Pa anthu atatu a m'Baibulo aja, chofanana n'chakuti kukumana ndi Yesu kunafika m'thumba, ndipo amene anakana kuti kufike ndi amene anachoka.

Pali munthu wina amene satchulidwa kawirikawiri pa nkhaniyi, mneneri Yeremiya. Ayuda oyamba atatengedwa kupita ku Babulo mu 597 Khristu asanabadwe, aneneri ena ankawauza kuti musamasule katundu, mubwerera posachedwa. Yeremiya anawalembera kalata yoti mangani nyumba, limani minda, kwatirani, ndipo funirani mtendere mzinda umene mwatengedwerako, muupempherere, ngakhale si kwanu. Patapita zaka pafupifupi khumi, Yerusalemu atazingidwa ndi asilikali a Nebukadinezara, iye ali m'ndende m'bwalo la alonda, msuweni wake Hanameli anabwera kudzamugulitsa munda wa ku Anatoti. Panalibe nthawi yoipa yogulira munda kuposa imeneyo, ndipo Yeremiya ndiye ankadziwa bwino kuposa onse kuti mzindawo ugwa, popeza anakhala akulalikira zimenezo kwa zaka zambiri. Analibe mkazi, analibe mwana woti adzalandire mundawo. Koma Mulungu anali atanena kuti nyumba, minda ndi mipesa zidzagulidwanso m'dzikomo. Anayesa masekeli 17 a siliva pa sikelo, nasaina kalata ya umwini pamaso pa mboni, napereka makalatawo kwa mlembi wake Baruki kuti awaike mumtsuko wadothi kuti akhale masiku ambiri. Mzinda unagwa, kachisi anatenthedwa, ndipo Yeremiya anatengedwa kupita ku Iguputo ndi anthu amene anakana kumumvera, mtsuko uja n'kutsala.